Kamtengo kamene anakakhomela m'chipinda

Ine ndine munthu wa mawaya. Ntchito yanga kuyambila unyamata ndi magetsi a motoka: masitata, madainamo, mabatile, nyali zimene zimangozima popanda chifukwa. Chinthu chikakana ndimachigogoda ndi sipanala, ndipo nthawi zambili chimamva. Mkazi wanga ankati ndili ndi manja a hamala ndi pakamwa pa hutala. Sindinakanepo.

Kwathu ndi ku Kalindawalo, koma ndinakwatila kamudzi kena pafupi ndi Nyimba, kumene amai ogulitsa nthochi amathamangila mabasi. Mwa mwambo wathu wosamuka ndi mwamuna, ndiye ndinasamuka. Ndinamanga nyumba pamalo ao, ndinabzala mango, mapeyala ndi mandimu, ndikudziwa bwino lomwe kuti mtengo umene mkamwini wabzala ndi wa eni dothi. Anzanga ku galaji ankandiseka. Ati iwe, ukubzalila alamu ako mthunzi. Ndinkangowauza kuti atseke pakamwa.

Mkazi wanga anali telala. Ankasoka mayunifomu ndi madilesi a kwaya m'kachipinda kake ka kumapeto kwa nyumba, kokhala ndi kawindo kamodzi ka zitsulo. Pasukulu ya pafupi panabwela mphunzitsi wina wamkazi wochokela ku migodi, amene ankadzasoketsa kwathu. Pakhonde la nyumba yake panali timitengo m'mbale, ndipo anthu a m'mudzi anagwilizana msanga kuti ndi mankhwala. Atamusamutsila kuchigawo china, anasiyila mkazi wanga kamodzi, kakang'ono pa tonse.

Tsiku limene mkazi wanga anabwela nako ndinafunsa ngati ndi ndiwo. Kanali kotalika kuchokela pachigongono kufika padzanja, thunthu ngati chala changa chaching'ono, timasamba tobaya ndi tonunkha ngati sopo. Anati dzina lake ndi junipa, ndipo kulela mtengo m'mbale kuti usakule koma uoneke wokalamba amati bonsayi.

"Ndiye kamabala chiyani?"

"Sikabala."

"Nkhuni?"

"Bambo, nanga inu mumabala chiyani mukakhala pampando madzulo onse kuwelenga mathilaki a pamsewu?"

Anthu amene ankatha kunditseka pakamwa anali ochepa, ndipo iye ankatelo osakweza mawu.

Malamulo a mphunzitsi uja anali ochepa ndipo mkazi wanga ankawanena ngati katekisimu. Kamtengo kagone panja, kaone dzuwa, kamve mphepo, m'nyumba kamafa. Madzi uthile pokhapo wapisa chala n'kumva kuti pamwamba pauma, ndipo atuluke pansi, asaime. Dothi la m'munda iai. Ankasefa mchenga wa kumtsinje, n'kusakaniza ndi njelwa yootcha yophwanyaphwanya ndi masamba owola pang'ono. Mbale inali yadothi, yosazama, ndipo mabowo a pansi ndinaboola ndine. Mbale ziwili zinasweka ndisanaphunzile kukankha pang'onopang'ono. Kamtengo kankakhala pachitsa cha mango amene tinadula kale, kutsogolo kwa khichini, pamene mbuzi sizinkafika.

Chaka choyamba sanakachite chilichonse. Ankangokazunguza. Akatopa ndi makina ankatuluka, n'kukhala pakampando, n'kutembenuza mbale pang'ono, n'kuyang'ana, n'kutembenuzanso. Ndinafunsa chimene akufuna. Anati akufuna nkhope yake, chifukwa mtengo uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo ngati dilesi. Ataipeza anabaya kamtengo ka machesi m'mphepete mwa mbale kuti asaiwale. Anandiuza kuti ali mtsikana, popita ku Lusaka koyamba, anaona pawindo la basi mtengo wina m'mapili a ku Kacholola, womela pamwala, wowelamila kuphompho, kenako n'kudzutsanso mutu. Ndi umenewo ankaufuna. Ine msewu umenewo ndadutsamo kosawelengeka ndipo sindinaonepo mtengo uliwonse.

Apa ndi pamene ine ndinalowela. Popinda thunthu ndi nthambi pamafunika waya, ndipo waya wogula wa mphunzitsi uja kunalibe. Mkazi wanga anabwela ku galaji masana ena, chinthu chimene sankachita, anaima patali ndi oilo, n'kundifunsa ngati ndili ndi waya wa kopa. Ine kundifunsa waya wa kopa! Ndinamasula koilo ya sitata yopsa, ndinapita nayo kunyumba. Anaigwila, anati ndi wouma, uthyola mtengo. Ndinati dikilani. Ndinakoleza mbaula, ndinaika waya pamakala mpaka unafiila, ndinausiya uzizile, ndinaukwecha ndi mchenga. Waya wa kopa ukapsa umafewa ngati chingwe, koma ukaupinda kamodzi umaumanso n'kugwila pomwepo. Anauzunguliza pachala, anandiyang'ana, anati, "Kani mulinso ndi ntchito." M'banja lathu mawu amenewo anali chiyamiko chachikulu.

Mmene ankapindila ndimaonabe. Choyamba ankakulunga thunthu ndi tinsalu tonyowa, totsala posoka, kuti khungwa lisang'ambike. Kenako ankabaya nsonga ya waya m'mchenga pafupi ndi tsinde n'kuyamba kuzunguliza mokwela, mopendekela, mipata yofanana ngati msoko. Waya umodzi unkagwila nthambi ziwili, ina kuno ina uko, kuti zikokane. Akatha ankaika zala zazikulu zonse ziwili kunsi kwa pamene akufuna kupinda, zala zina pamwamba, n'kukankha pang'ono chabe. Ankaima. Ankapendeka mutu ngati akumvela wailesi ya patali. Kenako pang'ono penanso, n'kusiya mpaka sabata ina. Masamba sankadula ndi sizasi, ngakhale anali nazo zakuthwa kuposa za wina aliyense m'Nyimba. Ankatsina nsonga ndi zikhadabo, ati sizasi imafiilitsa.

Kamodzi anandilola kuyesa. Ndinagwila nthambi, ndinakankha, ndinamva kuti tswa. Mpaka lelo ndimati nthambiyo inali yofooka kale. Anatenga mbale, anaibweza pachitsa, analowa kukasoka. Makina analila tsiku limenelo ngati akufuna kuboola tebulo. Kuyambila pamenepo ntchito yanga inali kuotcha waya ndi kugwila mbale kuti isasunthe.

Kumbuyo, pansi penipeni, panali nthambi ina imene sanaikulunge waya. Inkangokula mowongoka, yosokonekela, yoipa. Ndinati bwanji osaidula. Anati imeneyo ndi yaganyu: ntchito yake ndi kunenepetsa thunthu, likanenepa idzachotsedwa.

"Ngati mkamwini," ndinatelo.

"Mwanena ndinu, bambo. Gwilani mbale bwino."

Zaka zinapita, sindikuwelenga. Thunthu linawelama, linatembenuka, mutu unayamba kudzuka. Ngakhale ine ndinaona kuti pachitsa paja pali mtengo, osati chitsamba. Anthu obwela kudzayesa zovala ankaima kaye pamenepo. Mvula itangoyamba chaka china, anakulunganso waya watsopano kuchokela pakati mpaka kumutu, ndi nthambi zonse za kutsogolo. Anandichenjeza kuti m'dzinja mtengo umanenepa msanga, ndipo waya ukachedwa umaluma khungwa. "Muzindikumbutsa. Januwale ikamatha tichotse."

Januwale isanathe anagwa pamakina. Anati mutu, kenako mbali imodzi inaleka kugwila. Tinathamanga naye kuchipatala pa motoka ya munthu amene ndinkamukonzela nyali. Sanabwelele.

Za malilo sindinena zambili. Mwamuna wofedwa mkazi amakhala pamene amuika. Sayendayenda, sagwila ntchito, pomuzungulila pamakhala amuna omulonda ngakhale popita kuchimbudzi. Ine ndinakhala. Pamene ndinali chikhalile, azimai a kubanja la mkazi wanga anachita zimene zimachitika nthawi zonse: anasonkhanitsa katundu yense wa malemu, zitenje, mapoto, nsapato, makina, n'kuika m'kachipinda kosokela kaja, kuti adikile tsiku logawa. Wina anafika pachitsa n'kufunsa kuti nanga aka. Wina anayankha kuti n'kao, ankakakonda kwambili. Anakanyamula ndi manja awili, mwaulemu, anakaika pakati pa katundu. Pachitseko panapita loko.

Ndinaona chitsa chili chabe tsiku lotsatila kuika malilo.

Kiyi inali ndi mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, mwini mbumba. Ndi mlimi wa thonje, munthu wofatsa, wa mawu apansi, amene sindinakanganepo naye chifukwa sakanganika. Ndinampeza atakhala pansi pa mango anga ndi amuna ena amene anali asanabalalike.

"Alamu, kamtengo kaja kali kuti?"

"Kali bwino, alamu. Takasunga pamodzi ndi zinazo. Palibe angakagwile."

"Tsegulani ndikatulutse. M'nyumba kamafa."

"Chitseko chija adzatsegula ndi achemwali a ku Sandwe. Mukudziwa."

Ndinkadziwa. Mkulu wao wa onse, wamkazi, anakwatiwa ku Sandwe, ndipo pamalilo sanafike chifukwa mitsinje inali itadzala ndipo msewu unali phala. Popanda iye katundu wa mng'ono wake sagawidwa, ndipo ayenela kupeza zonse monga zinasonkhanitsidwila. M'banjamo munali kale chilonda: pamalilo a amai ao aang'ono bulangete ndi nkhuku zinasowa, ndipo ena salankhulana mpaka lelo. Mlamu wanga analumbila kuti pa mlongo wake sizidzachitika.

Zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinakuwa. Ndinati kodi mtengo ndi chitenje? Kodi mitu yanu ili ndi chiyani, thonje? Ndinati ngati mukufuna kusunga zamoyo m'chipinda, bwanji osakhomelamonso mbuzi zake. Amuna aja anayang'ana pansi. Mlamu wanga anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso.

"Mwafedwa, alamu," anatelo. "Pitani mukapume."

Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Petauke ndipo anali akadali pamudzi, anandikokela kuseli kwa khichini. Anati atate, mukanapita nokha mwakachetechete mwina akanakupatsani. Manje mwakuwa pa anthu. Amalume akatsegula lelo, mudzi wonse udzati mkamwini wawalamula. Ndinati loko ija ndi ya pamsika, ndingaitsegule ndi msomali. Anagwada. Mwana wanga wamkulu, mai wa ana, anagwada m'matope. Anati atate, mukathyola loko adzati mukubisa chinthu. Adzati mwina imfa ya amai mukuidziwa. Inu mudzapita kwanu, ife ndi azing'ono anga mudzi wathu ndi uno.

Sindinathyole. Zida zonse ndinali nazo m'bokosi, mita imodzi kuchokela pachitseko, ndipo ndinkagona chipinda choyandikana.

Kamtengo ndinkakaona pakawindo. Anakaika pamwamba pa tebulo la makina, pakati pa mulu wa zitenje ndi mapoto, patali moti dzanja silikanafika. Kawindoko kanayang'ana kumwela, kumthunzi wa peyala limene ndinabzala ndekha. Dzuwa silinkalowa olo pang'ono. Ndinapita ku galaji, ndinatenga galasi la m'mbali la thilaki yakufa ndi paipi yopyapyala ya mafuta. Paipi ndinaitsuka ndi sopo, ndinaimangilila kundodo, ndinailowetsa pakati pa zitsulo, n'kumathila madzi ndi botolo. Theka linkapita pazitenje. Galasi ndinkaima nalo pabwalo m'mawa, pamene mitambo yatseguka, kufunafuna kuti kuwala kulowe pawindo kukagwe pamasamba. Mkono unkatopa, dzuwa linkasuntha, mtambo unkabwela. Munthu wa imvi, wofedwa, ataima pabwalo ndi galasi la thilaki. Ana a sukulu ankaima pamsewu.

Sipanatenge nthawi. Kuchitsime kunamveka kuti mkamwini akulowetsa mankhwala m'katundu wa malemu, ndipo ndi galasi akuitana mzimu. Mlamu wanga anabwela yekha, anakhala pakhonde, anafunsa kaye mmene ndadzukila.

"Alamu, anthu akulankhula. Ine sindikhulupilila, koma akulankhula. Paipi ija siyani. Ine ndaganiza. M'mawa uliwonse ndizitsegula, amai a kwathu azilowa kuthilila, ine nditaima pakhomo. Palibe chotuluka, inu osalowa. Mwaona? Kamtengo kamwe, mwambo ukhale."

"Kakufunika dzuwa, osati madzi chabe."

"Dzuwa lili kuti, alamu, mvula yonseyi? Ngakhale chimanga chikudikila."

Ndinavomela chifukwa panalibe china. Ndinafotokozela mkazi wake za chala: apise, akamva kunyowa asathile. Anati wamva. Mai ameneyo ndi mkazi wanga anali ngati mapasa, ankapita limodzi kumunda, kuchigayo, kukwaya. Patapita masiku ndinasuzumila pawindo. Mbale inali m'beseni. Anaika beseni kuti madzi asaononge zitenje ndi tebulo, ndipo beseni linali lodzala mpaka pakamwa pa mbale. Kamtengo kanali chiimile m'dziwe.

Ndinamudikila pakhomo m'mawa mwake. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma agalu anauwa. Iye anaika jagi pansi, anayamba kulila.

"Ine ndikamathila ndimakhala ngati ndikumupatsa iye madzi, alamu. Kuchipatala anapempha madzi, anesi anakana. Manje inu mukuti ndizimupima ndi chala?"

Ndinati chonde, chotsani beseni chabe. Analichotsa tsiku limenelo. Tebulo litanyowa, beseni linabwelela. Ndikalankhula, ankalila. Ndikakhala chete, ankathila. Mlamu wanga ankaima pakhomo ndi kiyi m'manja, kuyang'ana kumwamba ngati akuwelenga mitambo.

Ndipo waya. Pawindo sindinkauona bwino, koma ndinkadziwa. Januwale inatha, Febuluwale inalowa. Ndinapempha kuti mlamu wanga adule yekha, ndimupatse pulayazi, ndimuuze pawindo pamene adule. Anakana mwaulemu. Anati waya anakulunga ndi malemu, ndi dzanja lake lomaliza, achemwali ayenela kuliona. Ndinayesa kuimbila achemwali ao a ku Sandwe. Foni kumeneko imagwila munthu akakwela pachulu. Tsiku lina inagwila. Ndinafotokoza mofulumila, ndikudziletsa, mawu apansi monga mwana wanga anandilangizila.

"Mtengo?" anatelo. "Alamu, mng'ono wanga wagona m'manda ine osamuona nkhope, inu mukundiimbila za mtengo?"

Ndinayamba kunena kuti si mtengo chabe. Foni inaduka. Sindikudziwa ngati anadula ndi iwo kapena ndi chulu.

Ndinasiya kupita ku galaji masiku ambili. Ndinkakhala pachitsa chija. Anthu ankadutsa n'kunena kuti mwamuna uyu ankamukonda mkazi wake, onani waonda. Ena ankati wapenga. Ine ndinkangowelengela m'mutu: mizu m'madzi, masamba mumdima, waya m'khungwa. Motoka ikafa ndimadziwa poyambila. Apa ndinkadziwa vuto, ndinkadziwa mankhwala ake, ndinali ndi zida, ndipo pakati panali loko imene mwana angathyole ndi mwala.

Achemwali anafika mvula ikutha, pa thilakitala ya ogula thonje, miyendo ili matope. Anapita kaye kumanda, analila mpaka mawu anatha. M'mawa mwake anthu anasonkhana, mlamu wanga anapeleka kiyi, chitseko chinatseguka. Munatuluka fungo la nkhungu. Zitenje za pansi zinali ndi mawanga akuda, ndipo maso onse anatembenukila kwa ine ndi paipi yanga. Kenako anatulutsa kamtengo, anakaika pamphasa.

Kanali kobiliwila.

"Onani!" anatelo mkazi wa mlamu wanga. "Onani, alamu! Phokoso lonse lija!"

Anthu anaseka, ndipo kunali kuseka koyamba pamudzipo kuyambila malilo. Inenso ndinatsala pang'ono kuseka. Mlamu wanga anandigwila paphewa, anati mwaona, Mulungu amasunga.

Katundu anagawidwa bwino, popanda mkangano. Makina anapita kwa mwana wathu wamkazi. Atafika pa kamtengo, achemwali anakanyamula, anakazunguza, anayang'ana waya uja nthawi yaitali, anadutsitsa chala pa tinsalu. Anazindikila kansalu kena, ati ndi ka dilesi limene mng'ono wake anamusokela. Anafunsa ngati alipo akukafuna. Panalibe.

"Tengani, alamu. Mwakalilila mokwanila."

Tsiku lomwelo anandisudzula. Ananena mawu ake, anandipatsa chakudya, anati ndine womasuka. Mlamu wanga anati nyumba munamanga ndinu, khalani, palibe akukuthamangitsani. Ankanena zoona. Koma mwamuna wopanda mkazi pamudzi wa eni amakhala ngati mlendo amene basi yamusiya. Nyumba ndinasiyila ana. Mango anali atatha, mapeyala anali akukhwima. Ndinanyamula bokosi la zida, chikwama cha zovala, ndi mbale. Mu minibasi ya ku Petauke kondakitala anati, "Abwana, munda wanu ulipile mpando." Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano.

Ku Petauke ndinapeza kachipinda kuseli kwa galaji ya mnzanga. Tsiku loyamba, ndisanamasule zovala, ndinaika mbale pa dilamu padzuwa n'kutenga pulayazi. Mkazi wanga ankati waya samasula, amadula tizidutswatizidutswa, kuti nthambi isapotoke. Ndinadula. Pena waya unali utalowa moti khungwa linaukwilila, ndinachita kuukoka ngati minga. Pansi pake panatsala mizele yozungulila, yakuya, kuchokela pakati mpaka kumutu. Komabe mawonekedwe anagwila. Thunthu linawelama, linatembenuka, linadzutsa mutu, lokha, popanda waya. Mtengo wake wa ku Kacholola unali patsogolo panga, wathunthu, ndipo mwini wake sanauone.

Koma pogwila masamba ndinamva kuti si bwino. Anali obiliwila koma osawala, ndipo ena anayoyokela m'dzanja. Ndinazula mtengo m'mbale. Mizu inanunkha ngati ngalande. Ndikaikoka, khungu linkavuka n'kutsala kaulusi. Ndinadula yakuda, ndinasefa mchenga watsopano, ndinaphwanya njelwa, ndinabzalanso. Ndinachita zonse monga ndinkaonela, ndikupisa chala m'mawa uliwonse ngati wodwala.

Kufiila kunayambila kumutu. Kenako nthambi ya kumanja, kenako ya kumanzele. Ndinasunthila mbale pamthunzi, ndinaibwezela padzuwa. Ndinatukwana anyamata a pa galaji kuti utsi wao ndiwo ukupha, ndinakangana ndi mnzanga mpaka anatsala pang'ono kundichotsa. Mwana wanga anafufuza mphunzitsi uja mpaka anamupeza pafoni, anamutumizila zithunzi, ndipo anabwela kudzandiuza yankho ataima patali.

"Ati junipa amafa kale asanaoneke, atate. Amakhala wobiliwila nthawi yaitali ali wakufa. Ati mwina tsiku limene anatsegula chitseko..."

"Ndamva."

"Ati mukande khungwa ndi chikhadabo. Pamene m'kati muli mobiliwila, pali moyo."

Ndinadikila apite. Ndinakanda kumutu: mouma, mofiila. Pakhosi pamene pankadzuka: mouma. Pamene pankawelama, pamene anagwilapo zaka zonse ndi zala zake zazikulu: mouma. Ndinatsika nalo thunthu, kukanda, kukanda, mpaka linakhala ndi zipsela ngati mwana wa mphele. Kumbuyo, pansi penipeni, chikhadabo chinatulutsa chinyezi. Kamzele kamodzi kopyapyala kobiliwila, kochokela m'mchenga kupita ku nthambi yaganyu ija, imene inalibe waya.

Ndi imene ilipo mpaka lelo. Zina zonse zinayoyoka, khungwa linasupuka lokha, thunthu layela ngati fupa, ndi mizele ya waya yozungulila. Sindinalidule. Kumbuyo kwake nthambi ija ikukula mmene ikufunila, yowongoka, yolozela kukhoma, kutali ndi kamtengo ka machesi kamene kakadali m'mphepete mwa mbale. Obwela ku galaji amafunsa chifukwa chake ndikusunga chikuni. Ndimawauza kuti abwela kudzakonzetsa motoka kapena kudzafunsa mafunso.

Mphunzitsi uja anatumanso uthenga. Ati nthambi imeneyo ikhoza kukhala mtengo watsopano, ndiikokele kutsogolo, ikulunge thunthu lakufa, koma ndisachedwe, chifukwa ikakhwima sipindikanso. Kunena n'kosavuta. Nthambi ndi imodzi. Ikati tswa, palibe ina.

Dzinja lina lapita. Nthambi yanenepa, yafika pa chala changa chaching'ono, ndipo ndikaigwedeza ndimamva kuti ikuuma khosi. Waya ndinaotcha kalekale, uli pamsomali. Mlamu wanga anabwela mwezi watha kudzagula mankhwala a thonje, anandibweletsela thumba la mapeyala a mtengo wanga. Anaima patsogolo pa dilamu nthawi yaitali, chipewa m'manja. Anati, "Alamu, ife tinkasunga." Ndinati ndikudziwa. Ndinafuna kukuwa, koma sindinapeze womukuwila. Tinadya peyala limodzi ndi mchele.

Dzulo m'mawa ndinapempha tinsalu kwa mwana wanga, totsala pamakina a amake. Ndinatinyowetsa, ndinakulunga nthambi. Ndinabaya waya m'mchenga, ndinazunguliza mokwela. Mipata yanga si yofanana, pena yathina pena yatalikana, akanaona akanamasula. Mbale panalibe woigwila, ndinaipanikiza ndi mawondo. Ndinaika zala zazikulu kunsi, zina pamwamba. Zinali zala zomwezi zimene zimamasula mabauti a dzimbili. Ndinakankha pang'ono. Ndinaima. Ndinapendeka mutu kuti ndimvele, koma sindikudziwa chimene iye ankamva. Ine ndinangomva jenileta ya kwa owotchelela ndi thilaki ikutsika magiya pamsewu waukulu.

Ndinasiya pomwepo. Lelo ndayang'ana kutsogolo, ndayang'ana m'mbali, ndagwada n'kuyang'ana kuchokela pansi. Sindikutha kuona ngati yasuntha.